Akuti ndisamaganize kwambiri

Lachiwiri usiku, tulo palibe.

"Mayi, BP yanu yakwera. Chepetsani mchere, komanso musamaganize kwambiri." Anatero namwino uku akumasula lamba pamkono wanga, maso ali kale pa wotsatira. Za mchere ndamva, imeneyo ndi nkhani ya supuni basi. Nanga kusiya kuganiza munthu amayambira pati? Namwinoyo sindikumuda ayi, mzere unali mpaka panja, ndipo ananena zoona kuti ikamadutsa 140 pa 90 nthawi ndi nthawi mpofunika kusamala. Chondiwawa n'chakuti mawu amenewa ali paliponse. Pagulu la WhatsApp la kwathu ukangodandaula pang'ono, "osadandaula sisi, zikhala bwino." Wolembayo ndi yemwe uja mawa adzakufulashira kuti umutumizire ya thiransipoti.

Pobwerera ndinadzera kwa Anabanda, asungichuma athu a banki mkhonde, kuti ndikawauze kuti Lamlungu ndalama yanga ikhala yoperewera. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Amake Tadala, nkhope imeneyo mwaitola kuti?"

Ndinawafotokozera za kuchipatala. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga inuyo chimene mukuganiza kwambiricho n'chiyani?"

"Zonse, amayi."

"Zonse sindingazithe ine. Tchulani chimodzichimodzi."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope la gulu, lija lachikuto chong'ambika, anathothola tsamba lakumapeto n'kundipatsa bolopeni. Kunena zoona ndinanyansidwa. Mayi wamkulu ngati ine kundilembetsa sipeling'i pakhonde, ana a eni akudutsa? Koma Anabanda sukanganako nawo. Ndinalemba: lendi, fizi ya Tadala, ngongole ya gulu, mwendo wa amayi ku Thyolo, kukwera kwa zinthu, mvula.

Anachikweza pafupi ndi maso. "Mtengo wa shuga amakhazikitsa ndinu?"

"Ayi."

"Kwacha ija inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anakufunsani?"

"Amayi inunso."

"Ndiye chimenechi khwatchani. Tikulira tonse, simungachilire nokha usiku ngati maliro a kwanu." Ngongole ya gulu anati imeneyo ndi ya Lamlungu, ndipo iwo adzayankhula ndi amayi anzathu kuti ndibweze m'magawo awiri. Lendi, tsiku lake lilipo kale, silisuntha chifukwa choti ine sindinagone.

Atafika pa mvula anakhala chete, dzanja lili m'nyemba. Ife a ku Chilobwe kuno sitifunika kufotokozerana. Kuyambira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kutsikira panyumba za anthu, mvula ikangolimba pamalata usiku ine ndimadzuka n'kukhala tsonga, khutu lili kuphiri. Ndimagwira chitseko, ndimayang'ana pomwe pali nsapato za mwana. Ena amati zinapita zimenezo, tiiwale. Thupi silimva zimenezo.

"Ichi musakhwatche," anatero. "Inenso sindigona. Ikadzayamba, mudzagogode. Tidzakhala maso awiri, tiyi ndili naye."

Ndi mawu okhawo lero amene anandimasula pachifuwa. Sanati ndilimbe mtima, sanati ndipemphere kwambiri, ngakhale iwowo ndi amvano enieni.

Kenako anabaya chala pa fizi. "Apa ndiye pali ntchito ya mawa. Munakawaonapo ahedi?"

"Ndikanene kuti chiyani? Manyazi, amayi."

"Manyazi anapha lambe, mwanawe. Mukauze kuti muli ndi zakutizakuti m'manja, zotsalazo pakutha pamwezi. Akakana, mudzabwere tione zina. Koma akane kaye eni ake, osati inu kuwakanira muli pabedi."

Apa anandigwira. Zambiri zimene zimandidya usiku ndi zokambirana zomwe sizinachitike n'komwe: ndimafunsa ndekha, n'kudziyankha ndekha mwaukali m'malo mwa munthu winayo, kenako n'kukwiya naye.

Zinandikumbutsa nkhani ya ku Zimbabwe ija ya Friendship Bench. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaiyambitsa ku Mbare mu Harare mu 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono, kumvetsera munthu mpaka amalize, kenako kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupangana chochita. Anabanda za ku Harare sazidziwa, koma ndi zomwezo anandichita ndi tsamba la m'kope. Kuno ukatchula chipatala cha ku Zomba kapena St John of God ku Mzuzu, anthu amangoti n'kwa amisala, ngati kuti pakati pa munthu wosangalala ndi wovula zovala pamsewu palibe wina. Tilipo ambiri pakatipo, tikupita kuntchito, tikuphika, tikuyankha kuti "tili bwino, kaya inu." Benchi limodzi panja pa chipatala chija, pakhale gogo wa makutu, bwenzi namwino uja atapepukidwa nayenso.

Za mwendo wa amayi sitinafikepo. Mdzukulu wawo anabwera akulira kuti mnzake wamulanda mpira, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinanyamuka atandipatsa nyemba m'kajumbo, ndinakana, anandiyang'ana, ndinalandira.

Panopa pepala lili patebulo apa. Likundikwiyitsa pang'ono kuti ndi lalifupi chonchi. Katundu yense amene wakhala akundipweteka m'khosi ndi m'mapewa, mizere yake ndi yomweyi? Mwina n'chifukwa chake m'mutu zimakonda kubwera zonse pamodzi, zikaima pamzere zimachepa mphamvu. Mwinanso ndikungodzinyengerera, mawa ahedi akandibweza ndidzakhala ndikuyankhula zina.

Pali chimodzi chomwe sindinalembe. Bambo ake a Tadala ali ku Joni, ndipo masiku ano foni yawo imangoitana, uthenga umaonetsa kuti awerenga koma yankho zii. Anabanda akudziwa, m'dera muno nkhani sibisika. Anaona kuti ndadumpha, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, osafunsa. Ndikanalemba akanati chiyani? Ya kukhwatcha, ya mawa, kapena ya kugogoda usiku? Ine ndaiyesa m'magulu onse atatu ndipo paliponse ikukana kulowa.