Ku Malindi, Pathandala la Usipa

Ndinatsika minibasi pa Mangochi boma dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi paima nsanja ya njerwa imene atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikadali Fort Johnston. Chapomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndinazungulira ponsepo, ndipo dzina la mzimayi limene ndinaliona ndi la mfumukaziyo, munthu amene sanapondepo dothi lino. Zinandikhudza.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, kuwoloka Shire, ulendo wa ku Malindi. Dera ili ndi kumene Henry Masauko Chipembere, nduna imene inasemphana ndi Kamuzu, anasonkhanitsa anthu ake mu February 1965, n'kukathira nkhondo pa boma, ulendo wawo wa ku Zomba n'kukathera pa pantoni ya ku Liwonde. Zimenezi tinkazimva. Zimene sindinkaziganizira ndinazimva kwa agogo ena amene ankatembenuza usipa pathandala, manja ali mbuu ndi mamba.

"Agogo, nthawi ya a Chipembere munalipo?"

"Ndinali kamtsikana, mwanawe. Amuna atathawira kumapiri, ukuganiza ankadya miyala? Amayi athu ankabisa ufa pansi pa nkhuni, akafunsidwa amati sakudziwa kanthu."

Anakhala chete, kenako anatchula mudzi wa Moto, umene mu 1971 boma linausesa wonse, amayi ndi ana omwe, n'kukawatsekera kundende ya ku Dzaleka. Apa mawu awo anatsika ngati akuopabe kuti wina akumvetsera.

Nditagula usipa wa pambale, pachenje panali K200, nkhope ya Rose Chibambo itafwifwa ndi mafuta a m'manja. Mayi ameneyu anasonkhanitsa amayi a Nyasaland African Congress kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anamangidwa mu 1959 khanda lili m'manja, ndipo nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964 anathawira ku Zambia. Amayi a ku South Africa amene anaguba ku Pretoria pa 9 August 1956 kukana ziphaso ali ndi tsiku lawo la tchuthi chaka ndi chaka. Athuwa tinawapatsa kandalama kamene lero sikagula n'komwe sopo. Nanga Catherine Chipembere, mkazi wa Henry uja, amene anavutika kunja zaka zambiri, n'kubwerera ndale za zipani zambiri zitayamba ndi kudzakhala phungu wa kuno ku Mangochi, ndi ana angati a sukulu amamudziwa?

Ndinawaonetsa agogo aja ndalamayo, n'kuwauza dzina la mayi ali pamenepoyo. Anaiyang'anitsitsa, analibwereza kawiri, kenako anaitana mdzukulu wawo amene ankatsuka mbale m'mbali mwa nyanja kuti naye adzamve.