Choko pakhoma la labu

Lolemba ndinafika pa asembule masewero a ntchemberembaye a Loweruka adakandiwawa. Tinagonja ndi zigoli zitatu, ndipo ndikudziwa pomwe zinathawira: mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera, GK wathu, wotchinga kugolo, ankangowupenya, wa timu ina n'kuutola ngati akuthyola mango a nthambi yapansi. Chonsecho mtsikanayu ndiye wamtali kuposa onse pasukulu pano.

Ine ndimaphunzitsa fizikisi Fomu 3 ndi Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera. Ntchemberembaye anangondikankhira pa mitingi, ati madamu achichepere ndinu. Tsono madzulo a tsiku limenelo ndinatenga choko ndi tepi n'kupita ndi atsikana kuseri kwa labu. Aliyense ankadzola choko kunsonga za zala, kuima chammbali pakhoma, kutambasula mkono n'kusiya chizindikiro, kenako kudumpha n'kumenya khoma. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiwo msinkhu wa kudumpha kwake. Njirayi ndi yakale, anaiyambitsa Dudley Sargent wa ku Harvard mu 1921. GK anapeza masentimita 31. Ka WA kathu, kopatsira mpira ogoletsa, komwe kamamulekeza paphewa, kanapeza 44.

Ahedi anatipeza khoma litaturuka mawanga ngati nkhanga.

"Madamu, penti iyi ndi ndalama za makolo."

"Ndi choko chabe bwana, mvula ichotsa."

"Mvula yake iti mu Okutobala muno?"

Tinatunga madzi pamjigo n'kutsuka.

Lachiwiri manambala aja ndinalowa nawo mu Fomu 3, poti tinali pa mutu wa zinthu zoyenda. Ndinalemba pabolodi h = v²/2g: h ndi msinkhu wa kudumpha, v ndi liwiro lonyamukira, g ndi kukoka kwa dziko. Munthu akangochoka pansi, dziko limamuchotsera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, mpaka liwiro lithe n'kuyamba kubwerera. Kuti ufike masentimita 31 uyenera kunyamuka pa liwiro la mamita pafupifupi 2.5 pa sekondi, pomwe 44 amafuna 2.9. Ana anaseka, ati kusiyana kwake n'kochepa bwanji. Kochepadi, koma liwirolo limadzichulukitsa lokha: ukaonjezera 10 peresenti paliwiro, msinkhu umakwera ndi 21 peresenti.

Mnyamata wina wa kumbuyo, yemwe amadzuka kukakhala mkangano basi, anakweza mkono. "Madamu, mwaiwala kulemera. Wonenepa sangafanane ndi woonda."

Sindinaiwale. M'mwamba kulemera kulibe mawu. Anthu awiri akanyamuka pa liwiro lofanana amakwera mofanana. Kulemera kumalipiritsa phazi lidakali pansi. Tinawerengera limodzi: mtsikana wa makilogalamu 60 akanjuta masentimita 40 n'kufuna kudumpha masentimita 40, miyendo yake iyenera kukankha nthaka ndi mphamvu yowirikiza kawiri kulemera kwake, ngati akudzuka atabereka mnzake wofanana naye thupi. Ndipo ntchito yonseyo imatha m'masekondi osakwana 0.3. Zala zakumapazi zikasiya nthaka, nkhani yatha. Kupalasa miyendo m'malere sikuonjezera kanthu.

Sanagonje. Anati nanga a basketball a pa TV amaima bwanji m'mwamba? Apa mpomwe ndinakomedwa mpaka belu linandipeza. Wodumpha masentimita 40 amakhala m'malere masekondi 0.57, koma theka la nthawi imeneyo amathera m'masentimita 10 apamwamba okha, chifukwa kumeneko liwiro limakhala litatsala pang'ono kutha. Diso limaona ngati wapachikika. Ngakhale wodumpha mita yathunthu sakwanitsa sekondi imodzi m'malere. Amathera pa 0.9.

Lachitatu ndinabwereka foni ya aphunzitsi a masamu, yomwe imajambula zithunzi 240 pa sekondi ukaiika pa slow motion. Ukawerenga zithunzi kuchokera pomwe mapazi achoka pansi kufika pomwe agundanso, umapeza nthawi, ndipo msinkhu ndi gt²/8, t kukhala nthawiyo. GK anadumpha, tinawerenga zithunzi 139. Masekondi 0.58, masentimita 41. Atsikana analulutira, ine ndinatsala pang'ono kudzitama kuti ndakonza munthu m'masiku awiri.

Usiku ndikuionanso vidiyoyo ndinachita manyazi ndekha. Potera ankapinda maondo n'kukokera mapazi m'mwamba, motero nthaka ankaipeza mochedwa. Foni inawerenga bwino, wopusa ndinali ine. Koma vidiyo yomweyo inandionetsa zomwe maso anga analephera nyengo yonseyi. Mtsikanayu sanjuta n'komwe, amadumpha miyendo ili chiwongokere, manja ali kale m'mwamba. Chachiwiri, amanyamuka mpira usanagunde chitsulo. Iye amafika pamwamba pa kudumpha kwake m'kota ya sekondi yokha, ndiye mpira ukamabwerera kuchoka pachitsulo, chomwe chili mamita 3.05 kuchokera pansi, amakhala akutsika kale.

Lachinayi linapita ndi mitingi ya mayeso komanso kuchonga makope. Ndinangomuitana pa buleki kuti adumphenso n'kutera miyendo ili yowongoka. Zithunzi 121. Masentimita 31 omwe aja.

Lachisanu tinayamba dzuwa litapendeka chifukwa bwalo lathu masana limawotcha mapazi. Ndinawauza kuti atsike msanga n'kukwera nthawi yomweyo, manja achokere kumbuyo n'kuponyedwa m'mwamba. Ukanjuta n'kukhalitsa pansipo, phindu la kutsikako limatha; minofu imafuna itambasuke n'kubweza pompo. Atsikanawa aliyense amafuna kukhala Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015, koma ukawauza zonjuta kakhumi amayamba kudandaula maondo ngati agogo awo.

GK anayesa kasanu akusokoneza, manja kutsogola miyendo kutsalira. Kachisanu n'chimodzi zinagwirizana. Choko chinakagwa pa 35. Liwiro lake langochoka pa 2.5 kufika pa 2.6, ndipo minofu sinakule m'masiku anayi ayi, imeneyo ndi ntchito ya miyezi. Wangophunzira kugwiritsa ntchito yomwe anali nayo kale.

Atapuma anandiyandikira. "Madamu, koma ndikamatchinga wogoletsa ndimaima masentimita 90 kuchokera pomwe ali, manja ali kale m'mwamba. Ndiwaponya bwanji?"

Ndinakhala chete kaye, poti ankanena zoona. Ndinamuuza kuti potchinga adalire miyendo yokha, manja aziwaponya polimbirana mpira wobwerera, ndipo adikire kumva chitsulo chitalira asananyamuke. Anagwedeza mutu mosakhutira kwenikweni.

Tikutsukanso khoma anandipempha kuti cha 35 chija tisafufute. Ndinatenga pensulo n'kulemba kamzere kakang'ono kuseri kwa paipi yotsitsa madzi a padenga, pomwe ahedi sayang'ana, n'kuikapo deti. Iye anaponda pa ndowa yovundikira n'kuonjezera kena pamwamba pake, pa 40.