Zikomo kwa onse amene munandigwirira fosholo

Lachiwiri lapitali adokotala andiuza kuti ndisiye ndodo, ndiyambe kuyenda ndekha. Fupa la pakakolo lalumikizana, tizitsulo tomwe anaikamo takhala bwino, ndipo mwezi wamawa ndibwerera ku ntchito. Anthufe tikachira timaiwala msanga, ndiye ndati ndilembe lero mwendo ukadali kundikumbutsa.

Kwa inu a kumudzi amene mumangomva zoti achimwene anathyoka mwendo ku Canada, nkhani yake ndi iyi. Kuno ku Calgary kanjira ka simenti ka anthu oyenda pansi kamene kamadutsa kutsogolo kwa nyumba si kako, ndi ka khonsolo. Koma sinowo ikagwa, wochotsa ndiwe wokhala m'nyumbamo. Lamulo limakupatsa maola 24 kuchokera pomwe yasiyira kugwa, ndipo uchotse mpaka simenti ioneke. Ukalephera, wina akaimba pa 311, nambala yokadandaulira ku khonsolo, a khonsolo amabwera kudzakusiyira kalata. Ukapanda kumva amatumiza anthu awo kudzachotsa, bilu yake imayambira pa madola 150, ndipo pamwamba pake pali chindapusa cha madola 250 ukakhala ulendo woyamba. Ife nyumba ndi ya lendi, ndipo pepala lomwe tinasainirana ndi eni ake limanena poyera kuti sinowo ndi ya olowa m'nyumba. Chinanso, nyumba yathu ili pakona. Anzathu amachotsa mbali imodzi, ife ziwiri. Tsiku losaina ndinkasangalala kuti bwalo ndi lalikulu, ana azisewera.

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo ndinafika kuno ndikudzitama kuti kuzizira ndimakudziwa. Mu January 2024 kunazizira kupyola madigiri 30 pansi pa ziro masiku angapo otsatizana, mpaka nsidze kumauma ukangotuluka panja. Koma si kuzizira kumeneko komwe kunandigwetsa. Chinandigwetsa ndi kutentha. Kuno kuli mphepo yofunda yotchedwa Chinook, imatsika kuchokera ku mapiri a Rocky, ndipo ikabwera sinowo imasungunuka masana, madzi nkumayenderera pakanjira. Usiku kukazizira madzi aja amaundana, amasanduka galasi losaoneka. Madzulo amenewo mayi a ana anandiuza kuti ndiwaze mchere. Ndinati mawa. Mchenga wosakaniza ndi mchere khonsolo imapereka waulere m'malo a ozimitsa moto, umangopita ndi ndowa yako, ndipo ndowa yanga inali yodzaza kuseri kwa chitseko. Mmamawa ndikuthamangira basi, ndinangomva kuti phwa, mwendo uli kwina ine kwina. Palibe amene ndingamuloze chala.

Woyamba kumuthokoza ndi mtsikana wa sukulu amene anandipeza ndili gone pansi kusanache. Anavula sikafu yake nkundiika kumutu, anaimba 911, ndipo anakhala pambali panga mpaka ambulansi inafika, basi yake nkumusiya. Dzina lako sindinafunse, mwana wanga, ululu unandichotsa ulemu. Sikafu yako tinachapa, ili pano.

Ndili m'chipatala kudikira opaleshoni, sinowo inagwanso. Mayi a ana amagwira ntchito ya usiku kosamalira okalamba, masana ali ndi ine, ana awiri ali pakhomo, wamkulu wa zaka 9. Za fosholo anaziganizira ndani? Tsiku lomwe ananditulutsa, ndili ndi chikhakha mpaka m'bondo, tinapeza kalata ya khonsolo ili pachitseko. Mayi analira, osati chifukwa cha ndalama ayi, koma kuti pamsewu wathu womwewu pali munthu amene anaona ambulansi ikunditenga, nkupitabe kukatineneza. Ine ndinalankhula mawu amene sindingawalembe pano.

Mmawa mwake cha m'ma 6 koloko tinadzidzimuka ndi phokoso la injini. Kusuzumira pawindo, ndi bambo a nyumba yoyang'anana nafe, mkulu wopuma pa ntchito amene zaka zitatu zonse timangopatsana moni wa dzanja. Anali ndi makina awo aja okankha, amene amameza sinowo nkuilavulira kumbali. Anazungulira kona yonse, mbali zonse ziwiri, kenako anatenga chitsulo nkumagumula ayezi yemwe anandigwetsa uja. Mayi atatuluka ndi ndalama m'manja, bambowo anangopukusa mutu nkuloza makutu awo kuti sakumva chifukwa cha injini. Ndikudziwa kuti amamva bwinobwino. Kuchokera tsiku limenelo mpaka sinowo yomaliza, makina aja akamaliza kwawo ankawoloka msewu. Bambo, mwina simudzawerenga izi poti zili m'Chichewa, koma mwana wanga wati akumasulirani. Munatichotsa manyazi.

Ndithokozenso banja la ku Philippines la pafupi nafe. Makina sachotsa zonse, amasiya kachiunde kamene kamadzasanduka ayezi, ndipo masitepe safikapo. Anyamata awo awiri ndi amene ankabwera akaweruka ku sukulu kudzapala masitepe ndi kuwaza mchere kuti ine ndi ndodo zanga ndithe kutsika popita ku fizio. Mayi awo ankawaimirira pakhomo ngati kapitawo wa ku esiteti. Tsiku lina ndinamva akuwabweza kuti akabwereze, poti anataya sinowo ya pamalo oimika galimoto mumsewu, zomwe lamulo limaletsa. Ya pakhomo pako imayenera kuthera pabwalo pako.

Ndiye pali inu abale anga Amalawi a muno mu mzinda, ndi alamu athu a ku Chipata amene timapemphera nawo. Inu ndiye munachita kugawana masiku pa WhatsApp ngati ndandanda wa olalikira. March kuno ndi mwezi umene sinowo imagwa yambiri, ndipo imakhala yonyowa, yolemera ngati dothi la kudimba. Loweruka lina itagwa usiku wonse, munabwera amuna asanu ndi mafosholo anu, amayi atanyamula mapoto. Ndili pampando mwendo uli pa tebulo, ndinkamva mukuseka panja, wina akuyambitsa nyimbo ya kumunda, ndipo ndinakumbuka dima kwa agogo ku Linthipe, anthu atandanda m'mizere, thobwa likudikira pansi pa mtengo. Kusiyana kwake nkwakuti uku mwini munda anangokhala m'nyumba, ndipo thobwa munabwera nalo nokha. Achimwene amene munaterereka nkukhala pansi pa mulu, vidiyo ija ndili nayo, ndipo sindifufuta.

Mmodzi wa inu, nesi, anandikalipira nditanena kuti ndikangochira ndidzabwezera pochotsa msewu wonse ndekha. Anati ntchito imeneyi imagwetsa amuna ambiri ndi mtima, chifukwa munthu amadzuka pabedi thupi lisanatenthe nkuyamba kunyamula zolemera mu mphepo yozizira imene imafinya mitsempha. Anandiphunzitsa kuti sinowo umakankha, sunyamula, ndipo umachotsa pang'onopang'ono ikamagwa osadikira kuti iunjikane. Asisi, ndamva.

Tsopano za munthu uja anaimba pa 311. Ndakhala ndikusinkhasinkha ngati ndilembe za iye, ndipo mayi a ana akuti ndisatero. Sindikumudziwa mpaka lero. Koma masabata amene ndinakhala pawindo ndinaona anthu amene kale sindinkawaona, poti ndinkachoka kuli mdima nkubwera kuli mdima. Pali agogo ena amene amakankha kangolo koyendera kupita pokwerera basi pakona pathu. Pali mayi wa ana amapasa mu pulema. Pali bambo wa njinga ya olumala amene akapeza kanjira katatsekeka amatsikira mumsewu wa magalimoto, chifukwa alibe kwina kodzera. Nditayamba kuyenda ndi ndodo ndinadzionera ndekha: nyumba imodzi yokha yosachotsa imakubweza, ngakhale nyumba khumi zonse zitachotsa bwino. Ndinabwererapo kawiri panjira, thukuta lili kamukamu mu jekete, ndikutukwana mumtima mwini nyumba amene mwina nayenso anali m'chipatala. Ndiye kwa inu amene munaimba, sindinganame kuti mtima unasiya kuwawa, ndipo ndikanakonda mukanagogoda kaye. Koma ngati munali mmodzi wa anthu atatu amenewa, munalibe chifukwa chodikira kuti mwendo wanga upole.

Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti boma lolemera chonchi likulephera bwanji kusesa tinjira take, mpaka kutigwiritsa thangata. Ndinaiwala kuti kwathu mayi anga amadzuka mbandakucha kusesa mpaka kunjira yopita ku chitsime, njira yomwe si yawo, ndipo amfumu akamema kuti tikalambule msewu wa kumanda palibe amene amafunsa malipiro. Kusiyana ndi kwakuti kuno amfumu ake amalemba kalata.

Khonsolo ili ndi ndondomeko yotchedwa Snow Angels, yolimbikitsa anthu kuchotsera anzawo amene sangathe, ndipo umatha kupereka dzina la wokuthandiza kuti athokozedwe. Mayina a bambo a makina ndi anyamata awiri aja ndapereka kale. Amalawi anzanga mwakana, mwati ndisakuchititseni manyazi kwa azungu, ndiye inu zikomo yanu ndi nsima.

Kwa mayi a ana anga ndilibe mawu okwanira pagulu pano. Munandisambitsa, munandinyamula pamasitepe, munagwira mashifiti owonjezera, ndipo mpaka lero simunandikumbutsepo za mchere uja ngakhale kamodzi. Ndikudziwa mukusungira tsiku lina.

Loweruka likubwerali kuyambira 2 koloko masana tonse tikumane kwathu. Ufa ulipo, chambo chouma chomwe apongozi anatumiza chilipo, nkhwani wotendera tayesetsa ndi masamba omwe tawapeza. Bambo a makina avomera kubwera, afunsa ngati abwere ndi foloko yawo. Amene munasiya fosholo ya chogwirira chofiira kuseri kwa garaja, mudzaitenge tsiku lomwelo.