Mmene ndinatchingira seva ya ku ofesi ndi satifiketi yosaina ndekha

Ku ofesi kwathu tili ndi seva yaing'ono ya Ubuntu yomwe timalemberamo katundu. Imangoyendera netiweki yamkati, komabe mtima sunkakhala m'malo: mapasiwedi a anzanga ankadutsa pa http ali poyera, moti munthu wodziwa akalowa pa Wi-Fi yathu akanatha kuwawerenga. Kuti zodutsa zizibisika, seva iyenera kugwiritsa ntchito https, ndipo https imafuna satifiketi, fayilo yotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni. Bungwe la Let's Encrypt limapereka masatifiketi ulele, koma silipereka pa adiresi yamkati ngati yathu, 192.168.1.10. Ndiye ndinatsegula OpenSSL, pulogalamu yopangira makiyi ndi masatifiketi, n'kulemba kuti:

openssl req -x509 -nodes -newkey rsa:2048 -days 365 -keyout server.key -out server.crt

Mzere umodziwu unatulutsa kiyi ya RSA ya ma bit 2048 ndi satifiketi ya chaka chimodzi. Mawu akuti -nodes ndinawaika dala kuti kiyi isamafunse pasiwedi, chifukwa magetsi akazima usiku n'kuyakanso, ndimafuna seva idzuke yokha osadikira ine. Itafunsa dziko ndinayankha MW, pa Common Name, polemba dzina la seva, ndinalemba adiresi ija.

Satifiketi ndi yoonetsa aliyense, koma server.key ndi chinsinsi: woiba fayilo imeneyi akhoza kudzionetsa ngati seva yathu. Ndinaitseka ndi chmod 600, lamulo lolola mwini fayilo yekha kuiwerenga, ndipo sindinaikopere pa fulashi kapena kuitumiza pa WhatsApp.

Mu nginx, pulogalamu yopereka masamba a seva yathu, ndinaika listen 443 ssl, n'kulozera ssl_certificate ndi ssl_certificate_key ku mafayilo awiriwo. Nditayesa ndi nginx -t, zonse zinali bwino.

Chrome inachenjeza, ndipo ndinkayembekezera, poti palibe bungwe lodziwika lomwe linasaina. Mnzanga wina anati, "Achimwene, tizingodina kupitirira basi." Ndinakana. Munthu akazolowera kudumpha chenjezo kuno, adzalidumphanso tsiku lomwe akulowa ku banki. Ndinazungulira makompyuta onse kuika server.crt pakati pa masatifiketi odalirika.

Koma Chrome inakanabe, ikulemba NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID. Ndinatha masana onse ndikuyang'ana adiresi ngati ndaphonya nambala. Vuto linali loti kuyambira Chrome 58, mu 2017, Common Name siiwerengedwanso. Dzina kapena adiresi iyenera kukhala mu subjectAltName, gawo lina la satifiketi. Ndinabwereza lamulo lija n'kuwonjezera:

-addext "subjectAltName=IP:192.168.1.10"

Ndinachotsa satifiketi yakale pamakompyuta onse, kuika yatsopano, n'kudzutsanso nginx. Chenjezo linachoka. Tsiku lomwe satifiketi idzathe ndinaliona ndi openssl x509 -enddate -noout -in server.crt, ndipo ndalilemba ndi cholembera chofiira pa kalendala ya pakhoma.