Tsiku limene ATmega328P yanga inangoti zii

Ndinagula chipi ya ATmega328P, yomwe munthu amalembamo pulogalama yoyendetsera zipangizo, yopanda bolodi kuti ndipangire kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pampu ya madzi. Ndinaizika pa breadboard n'kulumikiza USBasp, kachipangizo kolowetsera pulogalama mu chipi kuchokera pa kompyuta: RESET pa mwendo 1, MOSI pa 17, MISO pa 18, SCK pa 19, magetsi pa 7 ndi 20, GND pa 8 ndi 22. Nditaitana avrdude, pulogalama ya pa kompyuta yolankhula ndi chipi kudzera pa USBasp, inangondiyankha kuti "target doesn't answer".

Ndinazula mawaya onse n'kuyambiranso, kawiri konse. Mita inkaonetsa 5 volts bwinobwino. Kenako ndinakumbukira za liwiro. Chipi yatsopano imachoka ku fakitale ikuyenda pa 1 MHz basi, ndipo SCK, liwiro lomwe USBasp imalankhulira ndi chipi, iyenera kukhala pansi pa kota ya liwiro limenelo, kutanthauza 250 kHz. USBasp payokha imathamanga pa 375 kHz, ndiye chipiyo sinkamva kalikonse. Ndinayesa kuchedwetsa USBasp ndi lamulo la -B mu avrdude, koma yangayi ndi ya zotchipa zija zokhala ndi firmware yakale, inangodandaula kuti "cannot set sck period". Pabolodi yake pali timabowo tiwiri tolembedwa JP3, tochedwetsera SCK tikalumikizidwa, topanda ndi mapini omwe. Ndinapinda kawaya n'kutilumikiza. Apo signature, nambala yomwe chipi imadzitchulira nayo, inatuluka: 0x1e950f. Chipi ndi yamoyo.

Chimwemwe n'chimene chinandipweteketsa. Ndinatsegula pulogalama ya Arduino IDE, n'kusankha bolodi ya Uno, n'kudina Burn Bootloader, lamulo lolemba bootloader, kapulogalama kothandiza chipi kulandira mapulogalama ena. Inayamba bwino, pakati n'kulephera. Kuchokera apo chipi inangoti zii, JP3 kapena ayi.

Usiku wonse ndinkaganiza kuti ndaiwotcha, ndipo kuitanitsa ina n'kudikira masabata. M'mawa ndi pamene ndinamvetsa zomwe ndinachita. Burn Bootloader imayamba ndi kulemba ma fuse, manambala osungidwa mu chipi oiuza mmene iziyendera, isanalembe bootloader yeniyeniyo. Low fuse ya kufakitale ndi 0x62, imene imauza chipi kuti igwiritse ntchito wotchi yake ya mkati. Ya Uno ndi 0xFF, imene imati wotchi ichokere pa crystal ya panja. Pa breadboard yanga panalibe crystal. Ndinali nditaiuza ndekha kuti idikire chinthu chomwe kulibe, ndipo chipi yopanda wotchi singayankhe ngakhale lamulo lokonzanso fuse yomweyo.

Ndinapeza crystal ya 16 MHz pabolodi ina yakufa, ndinaisungunula ndi chowotcherera, n'kuizika pakati pa mwendo 9 ndi 10. Mwendo uliwonse ndinauika capacitor ya 22 pF yopita ku GND, pafupi kwambiri ndi chipi, chifukwa mawaya aatali pamenepa amasokoneza. Ndinawonjezanso resistor ya 10k kuchoka pa RESET kupita ku 5 volts, yomwe ndinayenera kuika kuyambira pachiyambi.

Signature inabweranso, bootloader inalowa, ndipo kawaya ka JP3 ndinakachotsa poti chipi tsopano ikuyenda pa 16 MHz. Mwayi wanga unali wakuti sindinakhudze RSTDISBL mu high fuse, yomwe imazimitsa RESET. Kukonza imeneyo kukanafuna kulemba chipi ndi 12 volts pa RESET, chinthu chomwe USBasp singachite.