Zikomo bambo a mawailesi, munandipulumutsa Loweruka

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kubweza ndalama za anthu. Holo yanga yoonetsera mafilimu pa Kamuzu Road inali yodzaza, ana mpaka kukhala pansi. Chithunzi chinkaoneka bwinobwino, koma masipika ankangolira ngati njuchi, mawu osamveka.

Ndinkaganiza kuti ampulifaya yapsa, ndipo mtima unandiwawa poti ndinaigula ndi ngongole ya banki m'khonde. Apa m'pamene anadzuka bambo ena achikulire okonza mawailesi, amene akana kuti ndiwatchule dzina. Anati, "Mwana wanga, usabweze kaye ndalama, zimitsa zonse."

Anamasula mawaya a sipika n'kuwagunditsa pa batire ya tochi. Sipika inati "pu, pu", iwo amvekere, "Iyi ndi yamoyo." Fyuzi nayo inali bwino. Vuto anakalipeza pa chingwe chochokera ku TV: pulagi inachita dzimbiri, paja kuno ku Salima chinyezi cha kunyanja sichisiya chitsulo, ndipo kawaya kena kanaduka mkati. Anapala ndi kampeni kawo n'kulumikiza, mtsikana wina akuwaunikira ndi foni, mnyamata wa kabaza atathamangira tepi osalipiritsa. Nonse atatu, zikomo kwambiri.

Mawu atabwerera, holo yonse inaomba m'manja. Bambowo ndalama anakana, anangopempha mpando wakutsogolo. Zomwe ndinatolera usiku umenewo ndi zimene ndabwezera ngongole ya sabata ino, zotsalazo ndagulira mwana wanga makope.