Khutu ndi chala chaching'ono ndizo zinasankha kiyibodi

Ntchito yanga ndi yolemba zimene anthu anayankhula. Ofufuza amapita kumidzi ndi chojambulira mawu, akabwera amandipatsa mafayilo. Ine ndimavala mahedifoni, phazi pa chopondera choimitsira ndi kubweza mawu, n'kumalemba liwu ndi liwu. Ola limodzi la zojambulidwa limandidyera maola anayi kapena asanu. Sabata ino ndinali ndi maola 7 a zokambirana ndi alimi a mbatatesi a ku Dedza, koma dzanja langa lamanja linali likuwawa pamfundo kuyambira mwezi watha.

Lolemba m'mawa achimwene a IT anandipeza ndikusisita dzanjalo.

"Achemwali, silinasiyebe?"

Ndinapukusa mutu. Anayang'ana kiyibodi yanga yakale, yokhuthala, yamabatani okhala pa labala, n'kunena kuti ndimapindira dzanja m'mwamba tsiku lonse kuti ndifikire mabataniwo. Iwowa amakonda makiyibodi kwambiri, ena anachita kuitanitsa ku Johannesburg, ina anailumikiza okha. Pochokera ku nkhomaliro anabwera ndi atatu m'chikwama, onse opyapyala, ndipo pansi pa batani lililonse pali swichi yakeyake yokhala ndi sipuling'i. Anandiuza kuti swichi yanthawi zonse ya kampani ya Cherry ndi yotalika mamilimita 18.5, pomwe yaifupi imene kampaniyi inatulutsa mu 2018 ndi mamilimita 11.9 okha.

"Muwayese sabata yonse. Lachisanu mundiuze."

Ndinayamba ndi imene analumikiza okha ija, ya maswichi a Kailh Choc White, opangidwa ku Dongguan m'dziko la China. Batani limatsika mamilimita atatu basi, chilembo chimatuluka pakati pa ulendowo, ndipo limafuna mphamvu ya magalamu 50. M'kati mwa swichi muli kawaya kopingasa. Ukadina, kawayako kamakankhidwa n'kubwerera mwamphamvu, tcha! Ukachotsa chala kamaliranso. Chilembo chimodzi, kulira kawiri.

Ndinaikonda pomwepo. Ndinaphunzira kutayipa pa taipilaita, ndipo zala zanga zinakumbuka chinthu chimene zinachisowa kwa zaka zambiri: kuuzidwa kuti chilembo chalowa. Sungakayike. Masana a Lolembawo ndinkalemba makalata ndi kukonza mitu ya mafayilo, moti ndinaweruka ndikuganiza kuti nkhani yatha.

Lachiwiri ndinatsegula fayilo ya agogo ena. Ankayankhula chapansipansi, kumbuyo kukuwomba mphepo, nkhuku zikulira, mwana akusisima chapatali. Ankafotokoza za mbewu ya chaka chatha. Pena pake ndinalemba kuti "tinagula", mtima n'kukana. Ndinabweza kanayi. Nditachotsa manja pa kiyibodi n'kumvetsera chete, ndinamva bwinobwino kuti anati "tinagulitsa". Kachidutswa kapakati kaja kanamira mu tcha-tcha wa mabatani, chifukwa kulira kwa maswichi amenewa n'kwakuthwa, kumadutsa m'mahedifoni n'kukakhala pomwe pamamvekera zilembo ngati s ndi ts. Kugula mbewu ndi kugulitsa mbewu ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri pa moyo wa banja. Agogowo anagulitsa mbewu yawo chifukwa kunyumba kunali matenda. Ndikanawalembera mawu amene sananene, ofufuza akanawaika m'gulu la anthu amene zinthu zinawayendera.

Chakumasana amayi owerengera ndalama, amene timakhala nawo chipinda chimodzi, anafunsa mofatsa: "Achemwali, matalala amenewa agwa mpaka liti?" Ndinaizula n'kuibweza m'chikwama. Yolembera uli wekha, wopanda chomvetsera, ndi yabwino zedi. Ya ntchito yanga si imeneyo.

Lachitatu linali la Cherry MX Low Profile Red, ya kampani ya ku Germany. Iyi ndi ya mtundu umene amautcha linear: batani limatsika mosalala, popanda pogunda kapena polira. Mphamvu yake ndi yokwana pafupifupi magalamu 45, ulendo wonse mamilimita 3.2, koma chilembo chimatuluka batani litangotsika mamilimita 1.2. Phokoso limangomveka likafika pansi, thi thi thi, ngati madontho ogwera pa dothi. Khutu langa linapuma. Mawu a agogo aja ndinawamva onse.

Koma ndili ndi chizolowezi. Ndikamamvetsera, zala zimagona pa mzere wapakati, ndipo munthu akamanena zolemetsa mtima, nazonso zimalemera osadziwa. Nditakweza maso ndinapeza mzere wa "aaaa" ndi "ssss" pakati pa ndime. Swichi inkachita zimene inapangidwira, kuyankha msanga, ndipo osewera magemu amaifunira zomwezo. Chinanso, popeza chala sichimva paliponse kuti chilembo chalowa, ndinkamenya batani mpaka pansi nthawi zonse. Pofika madzulo nsonga za zala zinali zitatopa, ndipo ola lathunthu linapita pochotsa zilembo zolowerera.

Lachinayi ndinatenga yotsala, NuPhy Air75, ya maswichi aafupi a Gateron, abulawuni. Amenewa ndi tactile: ukangoyamba kudina umakumana ndi kachitunda, ukakadutsa chilembo n'kutuluka. Poti ulendo ndi waufupi, kachitundako n'kakang'ono, koma n'kokwanira kuchirikiza chala chogona kuti chisatsike chokha. Kulira kwake n'kwapansi, go go go, ngati munthu akugogoda chitseko chathabwa ndi nsonga ya chala.

Tsiku limeneli ndinazindikiranso kuti phokoso silichokera mu swichi mokha. Tebulo langa ndi la thabwa lopyapyala, pansi pake pali mphako ya kabati, ndiye limalira ngati ng'oma. Ndinapinda chitenje kanayi n'kuyala pansi pa kiyibodi. Kulira kunasinthiratu, kunakhala kofewa, ndipo batani lalitali la mpata, lomwe limasokosa kuposa onse, linafatsa. Ndinatulutsanso ya Choc White ija kuti ndione ngati chitenje chingaithandize. Kugunda kwapansi kunachepa, koma tcha uja anakhalabe, poti amabadwira m'kati mwa swichi.

Zolakwika zinachepa kwambiri, ndipo dzanja lamanja linagona bwino chifukwa kiyibodi ndi yaifupi. Koma cha m'ma 3 koloko zala zazing'ono zonse ziwiri zinayamba kudandaula, ndipo apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo pa zaka zonsezi. Ndondomeko ya zilembo za pa kiyibodi, yotchedwa QWERTY, inakonzedwa ku America m'zaka za m'ma 1870, polingalira Chingerezi. Chilembo a anachiika pansi pa chala chaching'ono chakumanzere, chala chofooka kuposa zonse. Tsono taonani Chichewa chathu: "Ana a agogo aja anakagwira ganyu." Werengani ma a amenewo. Dzina la munthu wamkulu limayamba ndi a, mneni wa ulemu amayamba ndi a, ndipo aneni ambiri amathera pa a. Kumanja nakonso, kachizindikiro ka mu m'mudzi, ng'ombe, n'chifukwa, m'munda kali pansi pa chala chaching'ono. Wolemba Chingerezi amakadina mwa apo ndi apo. Ine ndimakadina pafupifupi mzere uliwonse. Swichi yabulawuni imafuna magalamu pafupifupi 55, kuphatikizapo kachitunda kaja. Kwa chala cholozera si kanthu. Kwa chala chaching'ono, kambirimbiri pa tsiku, ndi katundu.

Lachisanu m'mawa ndinawafotokozera achimwene zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa kachitsulo konga kopanira.

"Iyi maswichi ake amazuka osawotcherera. Tingosintha ovutawo."

Ndinapempha kuti aikemo a Cherry opepuka aja. Anati sizingatheke, chifukwa maswichi aafupi a Kailh, Gateron ndi Cherry ali ndi miyendo yosiyana, ndipo a kampani ina salowa m'mabowo a ina, mosiyana ndi aatali ambiri omwe amabwerekana malo. Koma anali ndi ofiira angapo a Gateron m'kabotolo, osalala, a magalamu 50. Anazula batani la a, n'kuzula swichi yake, n'kulowetsa yofiira mosamala kuti timiyendo tisapindike. Anachitanso chimodzimodzi pa kachizindikiro kaja ndi pa ma Shift onse awiri. Sizinatenge mphindi khumi.

Ndinkaopa kuti "aaaa" abwereranso, koma swichi iyi imafuna kutsika mozamirako kuposa ya Lachitatu ija chilembo chisanatuluke, ndipo chala chogona sichinaifikitse. Kusiyana kwa kulira ndimakumva ndikavula mahedifoni: go go, kenako thi wofewa pa a aliyense. Ndikawavala, ndimangomva alimi.

Fayilo yomaliza inali ya bambo wina wofotokoza mmene amayalira mbatatesi m'chipinda chozizira kuti zisawole. Ndinaimaliza 4 koloko itangodutsa, ndinawerenganso ndime ya agogo aja, n'kutumiza zonse kwa ofufuza. Dzanja likuwawabe pang'ono, ndipo Lolemba ndikupita kuchipatala kuti akalione. Makiyibodi awiri ndawabweza. Yachitatu achimwene andibwereka mpaka abwana atavomera kugula ya ofesi, ndipo pa pepala lopempha ndalemba kuti ibwere ndi maswichi abulawuni, komanso ofiira anayi apadera.